Chidulo cha a Nambewe

Nachisaka,
Dowa.
18 Meyi 2025

Okondedwa akulu anga a Thoko,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Joni. Ife kuno tilipo, kungoti chisanu chafulumira chaka chino. M'mawa phiri la Ntchisi likumadzuka litafunda nkhungu, ndipo silivula mpaka dzuwa litakwera ndithu. Soya tinamaliza, chimanga ndiye tili mkati mokolola. Andireya, dalaivala uja, akunyamuka ndi thiraki kubwera kwanuko Lachitatu, ndiye ndati ndimupatsire pepalali. Ndikudziwa kuti mukuseka kuti Hana wabwerera ku nthawi ya positi. Sekani, koma pa foni inu simundilola kumaliza mawu.

Uthenga wanu uja ndinaumvetsera kangapo. Munati, "Afufuteni Amayi m'makinamo, Abambo angatipengere." Sindikukudandaulani, chifukwa inu munangomva mbali ya amalume a Langton, ndipo amalume sananame. Koma ndiloleni ndiyambire poyambira, poti nthawi ya maliro tinalibe mpata wokhala pansi awiri.

Mukudziwa kuti pa sekondale yathu yoyenderayi labu tilibe. Zaka zonsezi ine ndakhala ndikujambula mabotolo pa bolodi, n'kumauza ana kuti taonani madzi asanduka ofiira, iwo akuona choko choyera. Ankavomera kuti "Eee, Madamu," chifukwa ndi ana oleredwa bwino. Chaka chatha kunabwera achinyamata a ku yunivesite ndi magalasi akuluakulu omangira kumutu. Ukawavala kalasi imasowa, umapezeka uli kwina, ndipo manja ako amatha kunyamula zinthu za kumeneko n'kuzithira ngati zenizeni. Anatisiyira angapo pamodzi ndi sola ndi laputopu, imene ine ndimaonerapo zimene mwana wovalayo akuona.

Labu imene inali m'magalasimo inali yokongola, ndisaname. Zipupa zoyera mbee, matebulo achitsulo, pawindo matalala akugwa osaleka, ndi mawu a mzungu olankhulira m'mphuno akuti tengani madzi a kabichi wofiira. Kabichi wofiira, akulu, kuno ku Nachisaka! Mtsikana wina amene pano ali Fomu 2, Talandira, anangokhalamo pang'ono n'kuwavula, maso ali tong'o. Anati, "Madamu, kodi kumeneku n'kumochale?" Anzake anaseka, koma palibe amene anafuna kuvalanso.

Mtsogoleri wa achinyamata aja anali Madalo, mtsikana wochepa thupi koma wamakani. Iye ndi amene anandifunsa kuti kodi kwanu kuno kulibe chinthu chimene chimachita zomwezi. Ndinati chilipo, ana onsewa amadya therere lophikidwa ndi chidulo, ndipo chidede chili m'minda mwawo. Madzi ofiira a chidede ukawathira m'mandimu amafiirirako, ukawathira m'chidulo amasanduka obiriwira. Phunziro la asidi ndi alikali ndi lomwelo basi. Madalo analumpha ngati watola chinthu pamsewu, n'kuti ndimupezere munthu wodziwa kucheza chidulo kuti amujambule. Ine sindinapite patali, ndinapita naye kunyumba.

Munali mu Ogasiti, mphepo ikuulutsa mapesi pabwalo. Amayi atamva anaseka mpaka kupukuta misozi kuti phulusa lalowa sukulu. Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka atavala chitenje cha maluwa achikasu chimene munawatumizira chija. Achinyamata aja anabweretsa tebulo, Amayi anaikana. Anakhala pansi pafupi ndi nkhokwe atatambasula miyendo monga mwa masiku onse, chitini chobowola pansi chili pa mafuwa, phulusa la zitsononkho lili m'lichero. Madalo atawauza kuti azilankhula ndi kamera ngati ndi ana, Amayi anaiyang'ana, n'kuomba m'manja, n'kuipatsa moni. Anaidikiranso kuti iyankhe. Mapeto ake ine sindinawaone chifukwa mbuzi zinalowa kudimba, ndinathamangira kumeneko. Abambo tsiku limenelo anali ku msonkhano wa akulu a mpingo.

Za maliro a Amayi mu Disembala sindilemba, munalipo.

Madalo anabweranso mu Febuluwale kudzaika phunziro lija m'magalasi, ali ndi chimwemwe chake chonse, asakudziwa kanthu. Nditamuuza anakhala pa sitepe ya kalasi n'kulira ngati mwana wa pakhomo. Anati angathe kuchotsa nkhope n'kungosiya manja okha. Ndinakana. Mpaka lero sindikudziwa kuti ndinakaniranji msanga chotero, mawu anangotuluka okha.

Tsiku loyamba kunachitika zoseketsa, ndipo ndikanakonda mukanakhalapo. Anzathu a ku yunivesite anakonza zoti mwana aziimirira, zipangizo zili m'chiuno monga mmene ziliri m'labu ya azungu ija. Koma mwana wa kuno angaimirire bwanji pamutu pa munthu wamkulu amene wakhala pansi? Aliyense akangovala, n'kuona Amayi, ankagwada. Ena ankachita kukhaliratu pansi n'kuomba m'manja poyankha moni. Ndiye makapu ndi mabotolo ankatsala m'mwamba, ana n'kumapapasa pamwamba pa mitu yawo ngati akuthyola mango. Madalo anayesa kuwauza kuti ndi chithunzi chabe, imirirani, koma miyendo inkakana. Anagonja ndi iyeyo. Anatsitsa labu yonse n'kuiika pansi, ife n'kutulutsa madesiki n'kuyala mphasa. Ahedi akumanyadira kwa alendo kuti sayansi ya pano timaphunzira chogwada.

Akulu, m'magalasimo nthawi zonse ndi Ogasiti. Kunja mvula imatha kumagwa, denga la malata likusokosa, koma mmenemo dzuwa lili phwee, udzu wauma, ndipo kutali phiri likuoneka lotuwa ndi utsi wa lupsa. Mthunzi wa nkhokwe susuntha. Madzi amadontha kuchokera m'chitini pang'onopang'ono, dontho lililonse likunyezimira lisanagwe. Nkhuku yamawanga ija imadutsa kumbuyo kwa Amayi ikutokosa pansi, yomwe ija tinaphera alendo pa maliro. Imadutsa, n'kudutsanso, ilibe nkhawa. Nthawi zina ndimaiwala kuti ndili m'kalasi, ndimangoyang'ana nkhukuyo mpaka mwana atandigwedeza.

Ana ndiye agwira phunziro moti ine ndemwe ndikudabwa. Akumabwera ndi timabotolo ta chidede kuchokera kwawo, akuyesa sopo, bwemba, malambe, thobwa losasa, ngakhale madzi a pa mjigo. Talandira uja anakangana ndi mnyamata wina za chimene chimachititsa kuti chidulo cha makoko a nthochi chikhale chaukali kuposa cha zitsononkho, mpaka anakangana m'Chingerezi osazindikira. Ine mumtima ndinati, Amayi anga a Nambewe, mwandiposa ntchito.

Koma pali chimene sindinauze munthu, ndikuuza inu. Ine magalasiwo sindinawavalepo chibwerere Madalo. Ndimaphunzitsa ndikuyang'ana pa laputopu, mawu nditatseka. Ndimaona milomo ya Amayi ikuyenda, zimene akunena ndimazidziwira pa zimene ana akuchita. Mwana akafika pothira chidede, madzi n'kusintha, ine ndimatembenukira ku bolodi. Ndikuopa, akulu. Nkhope ndimaipirira, koma mawu sindingawathe.

Abambo anamva kwa ana ku Sande sukulu. Tsiku lina masana, ana ataweruka, ndinangowaona pakhomo la kalasi akukankha njinga, thalauza atamanga ndi mphira m'miyendo.

"Ndabwera kudzaona sayansi," anatero.

Ndinayesa kuzemba kuti batire latha. Anayang'ana sola padenga, n'kuyang'ana dzuwa, n'kundiyang'ana ine. Ndinawaveka. Anakhala pa mphasa, ndipo ndinaona mapewa awo akugwa. Patapita kanthawi anaomba m'manja n'kuti, "Ndaswera bwino, kaya inu a Nambewe." Ine ndinatuluka panja.

Kuyambira pamenepo ankabwera pafupifupi tsiku lililonse. Phunziro analidziwa msanga, mukudziwa Abambo mutu wawo. Ankaika phulusa m'chitini, kuthira madzi, kudikira kuti adonthe, kunyamula kapu ya chidede. Akafika pamenepo ankaima. Kapu ili m'manja, chidulo chili patsogolo, iwo osathira. Makinawo anawakonza kuti mwana akachedwa, Amayi azidzutsa mutu n'kumulimbikitsa. Ana anandiuza kuti amati, "Thirani tsopano, musaope." Ndiye Amayi ankadzutsa mutu, kunena, kuweramanso. Nkhuku n'kudutsa. Abambo ali duu, nthawi zina akuwafotokozera za pakhomo, kuti fodya wa a Kalebe wapsa ndi mvula, kuti denga la khitchini likudontha. Dzuwa likapendeka ankavula okha, kapu asanathire, n'kukwera njinga.

Ndinawafunsa tsiku lina kuti bwanji simumaliza. Anandifunsa kuti ukathira chimachitika n'chiyani. Ndinati madzi amasintha, phunziro latha, kumada, koma mukhoza kuyambiranso.

"Zoyambiranso n'za ana asukulu," anatero. Anapinda mphasa, kenako anati, "Kuchipatala kuja amayi ako anandituma madzi otentha. Pobwera ndi fulasiki ndinapeza atawafunditsa kale. Apa ndikamachoka ndimawasiya akundidikira. Ndimagona bwino."

Koma sankagona bwino, akulu, ndipo apa ndi pamene amalume ananena zoona. Kumunda anasiya kupita, mtedza unamera pansi. Chakudya ankangochigwiragwira. Lamba anaboola bowo lina. Kumpingo anthu anayamba kunong'ona kuti mkulu wa mpingo wayamba kuvala chinyau cha azungu kuti azikumana ndi akufa. Ine ndinkapsa mtima ndikamva zimenezi, komabe ndikamuona munthu wamkuluyo akukwera chitunda cha kusukulu, njinga ikumulemera, mtima unkandiwawa.

Amalume anabwera kunyumba kwanga sabata ya Pasaka itatha. Sanalole kulowa, anakhala pakhonde chipewa chili pa bondo. Anati tikakolola pakhala mwambo wosudzula, woti Abambo amasulidwe, akhale mfulu kubwerera kwawo ku Ntchisi ngati afuna, poti kuno anabwera chikamwini.

"Koma iwe Hana," anatero, "mwamuna tingamusudzule bwanji mkazi wake akumuitanabe tsiku ndi tsiku? Mlongo wanga ndinamuika ndekha ndi manja angawa. Iwe wamudzutsa n'kumukhazika padzuwa."

Ndinawauza za ana, za mayeso, za Talandira. Ndinati bwerani mudzavale muone nokha.

"Ine ayi," anatero. "Alamu akapanda kusiya, ufufute tsiku la mwambo lisanafike. Ndine mwini mbumba, ndalankhula."

Kenako uthenga wanu unafika wonena zomwezo. Ndinakhala ndi laputopu pamiyendo masana onse a Lamulungu, chala chili pafupi ndi batani. Madalo anali atandionetsa mmene amafufutira, si ntchito yovuta n'komwe. Ndinkaganiza za ana obwerera ku choko changa choyera, ndinkaganiza za lamba wa Abambo. Komanso, ndinene zoona, ndinkadziganizira ndekha, kuti ndifufute mawu amene sindinalimbe mtima kuwamva.

Lolemba Abambo anabwera monga mwa nthawi zonse. Anakhala ndi kapu yawo m'manja mpaka mithunzi itatalika. Atavula, ine mtima unali utadzaza, ndipo mukundidziwa pakamwa panga. Ndinalankhula zimene mwana sayenera kulankhula kwa bambo ake. Ndinati, "Abambo, zaka zonsezi munkawadikiritsa Amayi ndi misonkhano yanu ya mpingo, ndiwo zikuzizira. Lero mukuwadikiritsanso. Munthu wakhala pansi padzuwa chiyambire Malichi, akukupemphani kanthu kamodzi kokha, inu osachita. Amayi ankakonda kudikira ngati?"

Tamvani, mphunzitsi wa sayansi, wodziwa bwino kuti ndi zithunzi za m'makina! Koma pamene ndinkalankhula ndinkakhulupirira mawu aliwonse, ndipo ndinkawamvera chisoni Amayi kuti msana wawawa. Abambo anangodzuka. Anamanga mphira m'miyendo n'kumapita, njinga akuikankha ngakhale potsetsereka. Lachiwiri sanabwere, Lachitatu sanabwere. Ine ndinkachita manyazi kupita kunyumba.

Dzulo Loweruka m'mawa ananditumizira mawu kuti nditsekule kalasi. Anabwera atavala suti yawo ya Mgonero, nsapato atapolisha, ndipo kumbuyo kwawo kunali amalume. Nkhungu inali isanachoke, moti anthu awiriwo anachita ngati akutuluka m'mtambo. Amalume anakana mphasa, anakhala pa desiki pafupi ndi ine, maso ali kumbali. Koma laputopu itayaka, chitenje chachikasu chija chitaoneka, khosi linawatembenuka lokha. Ndinamva akupuma mwamphamvu.

Abambo anayankha moni, anaika phulusa, anathira madzi. Sanafulumire. Madontho anagwa mpaka mbale inadzaza. Ananyamula kapu ya madzi ofiira aja. Amayi anadzutsa mutu, milomo inayenda. Abambo anati, "Ndamva, a Nambewe. Pepani ndakuchedwetsani." Anathira.

Ulendo uno sindinatembenukire ku bolodi. Kufiira kuja kunalowa m'chidulo ngati utsi, kunazungulira, kunada pang'ono, kenako mbale yonse inabiriwira ngati dambo la mu Januwale. Amayi anayang'ana m'mbalemo n'kuseka, kuseka kwawo kuja kotseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Kenako anakhala bwino, anaomba m'manja, n'kulankhula kanthu kotalikirapo akuyang'ana Abambo m'maso. Anakweza dzanja. Chithunzi chinazilala pang'onopang'ono, nkhokwe, phiri, iwo, mpaka kunada.

Abambo anakhala nawo magalasiwo kanthawi kuli mdima. Atavula, anawapukuta ndi mpango wawo wa m'thumba, n'kundipatsa ndi manja awiri. Kenako anatembenukira kwa ife, anakonza jekete, n'kulankhula monga amachitira munthu wochokera ku ulendo.

"Akuti ndakhoza," anatero. "Akuti ndipite bwino, ndipo ndikapereke moni kwa onse kunyumba. Ndiye alamu, mlongo wanu akupereka moni. Hana, amayi ako akupereka moni."

Ndi mawu amene Amayi anatsanzikira nawo kamera tsiku lija ine ndili kothamangitsa mbuzi. Mwana aliyense wa Fomu 2 anawamva, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anandiuza, kundimvera chisoni. Amalume, aja anati ine ayi, anatsika pa desiki, ananjuta, n'kuomba m'manja kuti, "Zikomo, taulandira." Atazindikira zimene achita anatuluka msanga, n'kukaima kuseri kwa kalasi nthawi yaitali. Pobwera anangoti, "Ana aziphunzira," n'kuvala chipewa. Za kufufuta sanazitchulenso.

Abambo anena okha kuti kusukulu sadzabweranso. Madzulo anadya bwino, anapemphanso chiwiri. Mwambo uchitika Loweruka loyamba la Juni, ndipo asankha kupita ku Ntchisi, kwa azakhali. Ndinawachonderera kuti akhale ndi ine, anakana mofatsa, akuti auzidwa kuti apite bwino. Ndiye chonde, Andireya pobwerera mumupatsire jekete lochindikala ndi masokosi, kuphiri kuja mukukudziwa mmene kumazizirira, ndipo munthuyo thupi latha. Ngati abwana anu angakuloleni, bwerani. Ngati sizitheka musadzizunze, tidzakuimirirani.

Ine magalasi aja sindinawavalebe. Ali m'kabati mu ofesi, Lachiwiri ndili ndi Fomu 2B. Mwina mukadzabwera tidzagwada limodzi, inu mudzayambe poti ndinu aakulu.

Mundiperekere moni kwa alamu a Obedi, muwauze kuti mbuzi yawo ija yaswa awiri. Vanessa ndi Blessed muwapsompsone, muwauze kuti amayi awo aang'ono akuwasowa. Amalume akupereka moni, azakhali a ku Ntchisi akupereka moni, amayi a Chigwirizano amakufunsani Lachinayi lililonse. Abambo akupereka moni wambiri, akuti musadandaule za iwo.

Watsala umodzi, umene Abambo anandigwira dzanja pachipata cha sukulu kuti ndisaiwale, poti anati kwa onse, ndipo inu ndinu oyamba kubadwa. Akulu anga, Amayi akupereka moni. Anali bwino, anali akuseka. Mukawerenga apa muyankhe mokweza ngakhale muli nokha m'chipinda, chifukwa ine wanga ndinalephera kuyankha.

Ndine mng'ono wanu wokusowani,
Hana